Kalongonda wa Dyson

Dyson anatsika minibasi pa Phalombe Boma atavala jekete yachikopa dzuwa lili pamutu, masutikesi awiri akumutsatira pa kabaza. Anthu ankati mwadzaza chuma cha ku Joni. Chuma chake chiti! Imodzi inali ya zovala, inayo munali mabuku okhaokha, aja a chithunzi cha mwamuna ndi mkazi atafulatirana pachikuto.

Anawatola ku Durban, pa hotela ina pomwe ankasesa zipinda. Alendo ankawasiya pansi pa bedi ngati makoko a nthochi, iye n'kumawerenga. Nkhani yake inali imodzimodzi, ankasintha ndi mayina okha: mwamuna asiya mkazi, zaka zipita, abwerera, ayang'anizana, sayankhulana, mvula igwa, ayang'anizananso, mpaka patsamba lomaliza m'pamene agwirana dzanja. Munthu woyendadi, amene anaona Beira ndi Dubai maso ali otsekula, amadziwa kuti zoterezi amalembera anthu okhuta. Koma Dyson anameza nsomba ndi minga yomwe.

Chimene anabwerera chinali chimodzi: Belita, mkazi amene anamusiya kwa Nazombe mwana ali kumsana. Mwanayo, Ufulu, tsopano anali ku sekondale. Banja silinathe, pakuti Dyson sanapereke chisudzulo. Anangoti zii. Mwa mwambo anali akadali mkamwini wa pamudzipo.

Mlongo wake Eveles anamuuza asanavule n'komwe nsapato.

"Achimwene, muli ndi mwayi, alamu sanakwatiwe. Tengani ankhoswe anu ndi tambala uyo, mukagwade kwa a Makina. Akukalipirani, adya tambalayo, basi mwalowa m'nyumba."

A Makina anali malume ake a Belita, eni mbumba.

"Tambala!" anaseka Dyson. "Ngati mlandu wa mbuzi yodya chinangwa cha eni? Iwe sunayende. Chikondi chobwereza ndi kalongonda. Umaphika tsiku lonse, pang'onopang'ono. Ukafulumira upweteka anthu."

"Nanga mphikawo uli pamoto wanu?"

Dyson anatsekula buku lake. Anthu a m'mabuku sayankha mafunso otere.

Ndiye kunayambika kuphikako. Tsiku la msika ankapita pomwe Belita ankagulitsa kalongonda weniweni wa m'beseni, nyemba zija zoledzeretsa zikapanda kupsa. Ankagula, n'kuima, n'kumuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuusa moyo ngati tayala loboka.

"Bambo a Ufulu, maso akuwawa?" anafunsa Belita tsiku lina. "Chipatala ndi icho. Mukutchingira ogula."

Dyson anachoka mtima ukuvina. M'mabuku monse mkazi akakalipa ndiye kuti m'kati mukuyaka.

Nyumba ya Belita inali itagwa ndi namondwe, ndipo ankagona m'kakhitchini. Dyson anafika ndi chikombole cha njerwa popanda womuitana, navula malaya, pakuti amuna a m'mabuku sagwira ntchito atavala. Mimba ya nyama za ku Durban inkagwedezeka pamatope, amayi opita kumjigo n'kumagwirana kuseka. Anaumba njerwa, tisaname, zokongola ndithu.

A Makina anabwera nakhala pachitsa, munthu wofatsa amene ankangofuna kutsekula khomo.

"Akamwini, njerwa taziona. Kodi pali mawu?"

"Mawu akadali pamoto, bambo."

A Makina anafunsanso uvuni wa njerwa utayaka. Anafunsanso mvula itagwa, Dyson akupalira m'munda wa Belita mzere wakewake, kutali, kuti kusowana kukule. Yankho linali lomwelo. Nandolo atayamba kuuma, a Makina anasiya kufunsa.

Nandoloyo ndiye anabweretsa a Lekani a kwa Mkhumba, bambo wofedwa mkazi, wogula mbewu ndi sikelo yopachika pamtengo. Analibe jekete, mano akutsogolo anali ochepa, ndipo buku lomaliza anatsekula ali sitandade faifi. Anaona Belita akupeta, nafunsa kuti ndi wa mbumba ya yani. Sabata isanathe malume awo anali atakhala pamphasa kwa a Makina.

Uthenga woti Dyson akufunika kumudzi kwa mkazi wake utafika, iye anadzithira mafuta onunkhira mpaka nkhuku zinathawa pakhonde.

"Waona?" anauza Eveles. "Tsamba lomaliza limenelo."

Eveles anangogwira tambala uja, nammanga miyendo, namutsatira.

Anapeza anthu pansi pa mtengo wa mango: a Makina, ankhoswe a mbali zonse, Belita pamphasa, ndi mlendo wa mano ochepa atakhala mwaulemu chapambali.

"Akamwini," anayamba a Makina, "sitikuchedwetsani. Mwana wathu wapeza banja. Chatsala ndi chisudzulo chanu."

Dyson anaimirira, chinthu chimene mkamwini sachita pabwalo la apongozi. Anayankhula za mitima iwiri yosochera, za usiku wa ku Durban, za moto wosazima. Ankhoswe ake omwe anayang'ana pansi ngati ataya singano.

"Khalani pansi, bambo a Ufulu," anatero Belita. Sanakweze mawu. "Nditamva kuti mwabwera ndinagula mphasa yatsopano. Ndinauza malume kuti mukabwera ndi ankhoswe asakuvuteni kwambiri. Ndadikira tambala wanu mpaka mphasayo yayamba kuthetheka. Inu kumangondiyang'ana ngati ndine galimoto yogulitsa."

"Belita, chinthu chokoma chimapsa pang'onopang'ono. Ngati kalongonda."

"Kalongonda ndimaphika ndine. Wophika amakhala pamoto pomwepo, kutaya madzi, kuthira ena, utsi uli m'maso. Saima kutsidya kwa msewu n'kumausa moyo."

Wina anaseka kumbuyo, ena n'kulandira. Eveles anakwawa ndi maondo naika tambala patsogolo pa a Makina. Mbalame yomwe ikanatsekula khomo miyezi yapitayo ndiyo inalitseka.

Dyson anatembenukira kwa a Makina. "Nanga njerwa zanga?"

"Thukuta la mkamwini limatsala pamudzi," anatero a Makina. "Kapena ku Joni mwambo anasintha?"

A Lekani anawomba m'manja mwaulemu. "Zinapsa bwino, achimwene. Ndaziwomba ndi chala, zikulira ngati belu. Mulungu akudalitseni."

Mvula yotsatira isanagwe, nyumba inali itafoleredwa ndi malata, a Lekani atakhala pakhonde akukonza sikelo yawo. Dyson anaiona ali pa kabaza, nafika kwa mlongo wake nkhope ikuwala.

"Usadandaule, Eveles. M'mabuku ena mkazi amayamba wakwatiwa ndi munthu wolakwika. Pamenepa tili pakati penipeni pa nkhani."

"Eya, achimwene," anatero Eveles. Anang'amba tsamba lina m'buku la Dyson la chikuto chofiira, nakulungira zitumbuwa za kasitomala.