Gawo la a Treloar

Noreen Pengilly anayendetsa basi ya ana asukulu mpaka mawondo atayamba kudandaula, moti misewu yonse ya m'dera la tirigu ankaidziwa ndi maenje ake omwe. Atangopuma pantchito, asanadyerere n'komwe, anaona magazi mumkodzo. Madokotala anamupala chotupa m'chikhodzodzo, nati ndi khansa, ya mtundu wokonda kuphukiranso ngati chitsa cha bulugamu. Mankhwala ake anali BCG, tizilombo tamoyo tofooketsedwa timene amathira m'chikhodzodzo kudzera m'kapaipi, kuti chitetezo cha m'thupi chidzuke n'kuyamba kulusa.

"Koma pali vuto, Mayi Pengilly," anatero Jincy, namwino wa pachipatala cha kudoko. "Mankhwalawa asowa paliponse. Tizilomboti timakula mwa ulesi, sitimva zoti fulumira. Kabotolo ka munthu mmodzi tikugawira anthu atatu, ndipo tikakatsegula sikachedwa kutha mphamvu. Nonse muzibwera Lachiwiri m'mawa. Musajombe."

Lachiwiri loyamba Noreen anapeza amuna atatu m'chipinda chodikirira. Wina anali wa kumigodi, maso ali pafoni basi. Wina anali Stavros, mkulu wonenepa wogulitsa nsomba zokazinga pafupi ndi doko, amene anamulandira ngati anakulira limodzi. Wachitatu anakhala payekha pawindo, nkhalamba yaitali yowonda, chipewa chili pamawondo.

"Paja amati atatu?" Noreen ananong'oneza. "Ndi ine tili anayi."

Stavros anatsitsa mawu. "Awo ndi a Alwyn Treloar, oweta nkhosa kuseri kwa nyanja ya mchere. Tinkagawana kabotolo kamodzi. Iwo anamaliza kale zoyambirira, amangolandira zowonjezera zoti matenda asabwerere. Ndiye kwabwera lamulo loti oyamba kumene atsogole, enawo adikire."

"Ndiye kuti ine..."

"Simunabe kanthu, achemwali. Kungoti mpando mwakhalapowo mwaupeza wofunda."

"Nanga akudzatani?"

"Kawafunseni. Ine ndimaopa anthu osaseka."

Jincy atawathira mankhwalawo, anagoneka Noreen ndi Stavros pamabedi oyandikana, katani ili pakati, nawauza kuti azitembenuka kuti mankhwala afike mbali zonse, ndipo asakodze mpaka nthawi itakwana. Stavros ankafuula kuseri kwa kataniyo kuti, "Tembenukani, achemwali, mbali inayo sinapse!" Noreen anaseka mpaka kuopa kuti ataya mankhwala.

Potuluka, a Treloar anali pomwe paja.

"Zikuwotcha, mayi?" anafunsa.

"Pang'ono, bambo."

"Ziwotche. Zikawotcha ndiye kuti zikugwira ntchito. Masanawa mumva kuzizira, musaope. Ndipo osaiwala kuthira jiki m'chimbudzi, tizilomboti n'tamoyo."

Masana amenewo Noreen ananjenjemera m'mabulangete, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Zinapitirira choncho. Stavros anamaliza zake n'kusiya kubwera, malo ake analowapo mayi wina wogontha, ndipo chipinda chodikirira chinangoti zii, kumangomveka makina oziziritsa mpweya. A Treloar sankajomba. Mlungu uliwonse ankaoneka kuti achepa m'jekete lawo laubweya, limene sankavula ngakhale kutenthe bwanji. Poyamba Noreen ankaona galimoto yawo yonyamulira nkhosa panja, koma kenako anasiya kuiona. Anangoti mwina pali wowatula.

Tsiku lina a Treloar anamuitana ndi chala.

"Mlungu wathawu munasanza panjira," anatero. "Pa thanki ya madzi ija, mutangodutsa njanji."

Noreen anawayang'anitsitsa. Pamalo pamenepo panalibe nyumba, panalibe munthu, koma akhwangwala okhaokha pa mtembo wa kangaru, nyama yam'tchire yoyenda modumpha ija. Sanauze aliyense, ngakhale mwana wake.

"Munandiona?"

"Ndinamva," anatero a Treloar. "M'kamwa munali ngati mwanyambita chitsulo. Muzitenga madzi m'galimoto."

Atagona pabedi, Noreen anagwira dzanja la namwino. "Mwanawe, gawo langali apatseni a Treloar. Ndi lawo."

"Sizitheka, mayi. Mukadukiza panopa, zonse mwapirirazi zipita pachabe."

"Ndiye muwauze asiye kubwera. Sindingathe kumawadutsa Lachiwiri lililonse."

Jincy anaima, kapaipi kali m'manja. Anasuzumira kuchipinda chodikirira, n'kubweranso nkhope itasintha pang'ono. "Za odwala ena sindiloledwa kukamba," anatero. "Pumani mpweya wambiri."

Pa Lachiwiri lomaliza mpando wa pawindo unali wopanda munthu. Mankhwala a tsikulo anawotcha kuposa kale lonse, ngati amuthira tsabola. Noreen akanatha kupita kwawo kukagona, koma atafika pamphambano anakhotera kumsewu wafumbi wa kunyanja ya mchere. Famu ya a Treloar ankaidziwa, chifukwa kale ankanyamula mwana wawo pageti.

Nyanjayo inali youma, yoyera mbee mpaka kulasa m'maso. Nkhosa zinaunjikana pamthunzi wa mtengo umodzi, osalira, zonse zikumuyang'ana. Pabwalo panali galimoto ija, matayala ataphwa, ndipo nkhuku inali itafungatira mazira pampando wa dalaivala. Chitseko cha nyumba chinali chotsegula. Asanagogode n'komwe, fungo la jiki linamulandira.

Anatuluka mayi wa msinkhu wapakati, maso ofiira ndi tulo. Anali Bronwyn, mwana uja wa pageti.

"Ndi a Pengilly a basi! Mwasochera?"

"Ndadzaona bambo. Lero sanabwere kuchipatala, ndiye mtima sunakhazikike."

"Lero?" Bronwyn anamuyang'anitsitsa. "Bambo sanatuluke m'nyumba muno chiyambire kumeta nkhosa. Anagwa m'khola, ndinachita kuchokera ku Adelaide kudzawasamala. Matenda aja anabwerera, alowa mpaka m'mafupa. Kuchimbudzi komwe ndimachita kuwanyamula."

"Koma Lachiwiri lapitali..." Noreen anameza mawuwo.

"Musanene za Lachiwiri," anatero Bronwyn. "Masiku ena onse amakhala bwinobwino, timacheza. Likafika Lachiwiri amagona ngati afa m'mawa wonse, ngakhale muwagwedeze. Akadzuka, thupi moto, kunjenjemera, n'kumandikalipira kuti ndithire jiki m'chimbudzi. Ndimawauza kuti adadi, mankhwala aja simukulandiranso. Samva. Adokotala akuti ndi matendawo. Lero ndiye zanyanya, sanagone n'komwe."

M'chipinda munali mdima wa makatani otseka. A Treloar anali m'jekete laubweya lija pansi pa mabulangete, mano akugundana, chipewa chili pamimba. Noreen nayenso kuzizira kunali kutamuyamba, ndipo anazindikira kuti akunjenjemera mofanana, wina akaleka winanso waleka.

"Mwatsiriza, Mayi Pengilly," inatero nkhalambayo isanatsegule maso. "Yomalizayi ndiye yaluma, eti? Ine yandilepheretsa kufika."

Noreen anakhala m'mphepete mwa bedi. "Mumafika bwanji, bambo?"

"Kaya. Ndikatseka maso ndimangopezeka ndili pawindo paja. Msewu sindiukumbuka." Anatsegula maso. "Musandiope. Sindimabwera kudzalanda. Ndimangofuna kuona kuti akulowa mwa munthu, sakutayika."

"Ndinapempha kuti akubwezereni."

"Ndinamva. Kupusa kumeneko musadzabwerezenso." Anamwetulira, ndipo aka kanali koyamba Noreen kuona mano awo. "Bronwyn, apatse tiyi wa shuga wambiri. Asayendetse galimoto ali chonchi."

Anakhala nawo mpaka kuzizira kutawasiya onse awiri, pa nthawi imodzi. A Treloar anagona tulo tabwinobwino, ndipo Noreen anabwerera kwawo dzuwa likadalipo.

A Treloar anamwalira makina okolola tirigu asanatuluke m'minda. Mlungu womwewo madokotala anaunika m'chikhodzodzo cha Noreen ndi kamera, napeza muli bwino, mopanda chophukira chilichonse. Timabotolo tinadzayambanso kufika mokwanira chaka chitatembenuka.

Pamaliro, muholo ya tchalitchi, Stavros anabwera ndi mathireyi a nsomba. Noreen anapita kukamuthandiza kutsitsa m'galimoto, ndipo ali awiriwiri panja anamufotokozera zonse, kuyambira pa thanki ya madzi mpaka nkhuku ya pampando. Ankayembekezera kuti amuseka. Stavros anatula thireyi, nadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Ine a Treloar anandifunsapo ngati bondo lapola," anatero. "Ndinali nditakomoka m'bafa ndi malungo aja, n'kudzimenya pasinki. Ndinkayesa kuti mkazi wanga ndiye anawauza."

"Ndiye anawauzadi?"

"Achemwali, mkazi wanga sanawaonepo a Treloar ali moyo. Wawaona lero m'bokosi."

Anaima choncho padzuwa mpaka Bronwyn anatulukira pakhomo n'kuwafunsa ngati nsombazo zilowe zokha.