Mafuta Si Nyama

Ndinawafunsa katatu apongozi anga, Mulungu ndi mboni. "Amayi, m'zithebamu mulibe nyama?"

"Iwe Lurleen, ukundiyesa wogontha? Mulibe! Nkhuku iyo, chimanga icho, zitheba izo. Musiye mwana wanga adye."

Mwana wawoyo ndi amuna anga a Verlon, bambo wa zaka makumi asanu, mlenje amene chaka ndi chaka ankadzaza filiji ndi nyama ya gwape. Chaka chatha nkhupakupa inawaluma kuseri kwa bondo m'tchire lathu lino la Arkansas, basi zinthu zinatembenuka. Adokotala anati m'malovu a nkhupakupayo muli kashuga kena kamene kamapezekanso m'nyama za miyendo inayi. Asilikali a m'thupi anakaona kakulowera pabala, n'kukalemba kuti ndi mdani. Tsopano akangodya ng'ombe, nkhumba kapena gwape, asilikaliwo amadzuka ndi ukali n'kuyamba kuwombera m'nyumba mwawo momwe. Kuipa kwake, sizichitika pomwepo. Zimadikira maola atatu kapena anayi, munthu ataiwala kale zimene wadya.

Apongozi sankazikhulupirira zimenezi. Ankati madokotala a masiku ano amangopeka matenda.

Linali Lamlungu. Titachoka kutchalitchi tinakadya kufamu kwawo, kenako a Verlon anapita kukamanga waya wa mpanda amene ng'ombe zinadula. Cha m'ma 4 koloko ndinawaona akubwera, akukhula zikhatho pathalauza.

"Bwanji?"

"Palibe. Udzu wandiyabwa."

Udzu wa kuti! M'khosi monse munali zidzolo zofiira, mlomo wam'mwamba utatupa ngati walumidwa ndi mavu.

"Jakisoni wanu ali kuti?"

"Kunyumba," anatero, mawu atasasa.

Mwamuna ameneyu adzandipha ndi mtima. Amanyamula mpeni, pulayala, ngakhale chingwe, koma jakisoni wopulumutsa moyo wake akuti amatupitsa thumba. Mwayi wake ndimayenda ndi awiri m'chikwama changa.

"Ndi dzuwa limeneli," anatero apongozi ali pakhonde. "M'patse madzi a soda agone pang'ono."

A Verlon anakhala pansi mwadzidzidzi, mpweya ukulira kakhweru pakhosi. Ndinatulutsa jakisoni mmodzi, n'kuzula chotsekera, n'kubaya pantchafu pathalauza pomwepo. Nditaimba foni, mayi wa ku ambulansi anati kufika kufamuko ndi mphindi makumi anayi.

"Makumi anayi? Munthu akubanika!"

"Agonekeni m'galimoto, miyendo m'mwamba. Tikumane pamlatho wachitsulo. Akapanda kusintha pakatha mphindi zisanu, abayeni wachiwiri."

Tinawakokera pampando wakumbuyo. Apongozi analowa ndi epuloni yawo, n'kuika mutu wa mwana wawo pamiyendo. Ndinaliponda pamsewu wamiyala uja, fumbi kobo kumbuyo.

"Amayi, m'zitheba munaikamo chiyani? Tchulani chimodzichimodzi!"

"Zitheba, anyezi, mchere, tsabola..."

"China?"

"Basi. Ndi masipuni awiri a m'chitini."

Ndinangotsala pang'ono kulowa mumtsinje. Chitini! Chitini cha khofi chakuda chija chimene chimakhala pambali pa sitovu, mmene amatsanuliramo mafuta akakazinga nyama yankhumba m'mawa. Kuno kulibe nyumba yopanda chitini chotero. Masamba osathira mafuta amenewo timati ndi chakudya cha mbuzi.

"Mafuta a nkhumba, Amayi! Ndinakufunsani katatu!"

"Unandifunsa za nyama! Mafuta si nyama!"

"Nanga amachokera mumtengo?"

Kenako ndinamva mawu ena, aang'ono, osakhala a mayi wolusa uja. "Lurleen, milomo yake ikuda. Sakundiyang'ana."

Ndinalibe poima, msewu unali wopapatiza, kumanja phompho. Ndinaponya chikwama kumbuyo. "Tulutsani jakisoni winayo. Zulani chotsekera. Pantchafu, mwamphamvu!"

"Ine sindinabayepo munthu."

"Ng'ombe mumazibaya jakisoni chaka chilichonse! Bayani!"

Ndinamva kulira kwa kachitsulo ka jakisoniyo. Ndinawerenga mokweza mpaka khumi, ndipo apongozi ankawerenga nane, akulira. "Verlon, usandichite zimenezi iwe," ndinakuwa, ine amene zaka zonsezi sindinawatchulepo kuti iwe pamaso pa mayi awo. Titatsika chitunda chomaliza a Verlon anakoka mpweya wautali, woipa kumva, koma mpweya ndithu. Patsogolo, pamlatho, magetsi ofiira anali kuthwanima.

Madokotala anawasunga a Verlon m'chipatala mpaka mawa lake. Ine usiku wonse ukali unali kuwira, ndinakonza mawu oti ndikawauze apongozi, akuthwa bwino. Koma pobwerera kufamu kukatenga zipangizo za amuna anga, chinthu china chinandibaya. Zitheba zija ndinadya nawo, ndinawonjezeranso kachiwiri. Kukoma kuja ndimakudziwa kuyambira ndili mwana, mayi anganso anali ndi chitini chawo. Lilime langa linadziwa, koma mutu sunaganize n'komwe, chifukwa inenso pansi pa mtima mafuta sindinkawayesa nyama.

Ndinawapeza apongozi atakhala patebulo la kukhitchini. Chitini chinali patsogolo pawo, chopanda kanthu, chotsukidwa mpaka kuoneka dzimbiri la pansi. Pambali panali pensulo ndi envulopu yakale.

"Ali bwanji?"

"Akupuma bwino. Akufunsa za waya."

Anagwedeza mutu, osandiyang'ana. "Dzira lake loyamba ndinakazingira mafuta a m'chitini chimenechi. Ndamulera nacho mpaka imvi. Dzulo ndikanamuika nacho m'manda." Anandikankhira pensulo ija. "Khala pansi, mwananga. Undilembere zonse zimene zingamuphe. Ine ndimangodziwa kumuphikira m'njira imodzi."