Thadzi m'Galimoto ya Phineas

Magetsi anali atathima kuyambira m'bandakucha, ndipo pofika faivi koloko madzulo nyumba ya Phineas ku Chelstone inali zii ngati m'kati mwa mtsuko. Unali mwezi wa Juni. Onse anasonkhana pabalaza, poti kadzuwa kankathera kumeneko: Phineas ndi tiyi wake wa m'fulasiki, mkazi wake Mulubwa pampando wautali, khanda lili pachifuwa m'kati mwa juzi, ndiponso mayi ake a Phineas, a Imelda, amene anachokera ku Katete kudzathandiza wochira.

Khandalo, Lukonde, linabadwa masiku asanakwane. Powatulutsa m'chipatala namwino anawauza kuti kutentha kwa thupi lake kukatsika pansi pa 36 osakweranso, abwerere naye msanga. Mulubwa anasolola kachoyezera m'khwapa mwa mwana n'kukapendekera kuzenera.

"Yatsika futi," anatero. "Ba Mayo, napapata, tingenese mbaula. Ola imodzi chabe."

"Mbaula silowa m'nyumba muno ine ndilipo, apongozi," anayankha a Imelda. Analankhula mofatsa, koma osadzutsa mutu.

Aka kanali kachitatu kupempha mbaula sabata imeneyo. Mulubwa anangomuponyera maso mwamuna wake. Phineas anaika kapu pansi.

"Tiyeni mu motoka. Batire ili pa hafu. Niyatse hita, mukhalemo mpaka malaiti abwele."

Galimoto ya Phineas inali yamagetsi, yogula yakale kuchokera ku Japan, ndipo ankanyamulira anthu omuitana pafoni. A Imelda sankaikonda. Chinthu cholowa pageti osamveka, mpaka galu osadzuka, iwo ankati n'chosalongosoka.

"Magalasi mutseka?" anafunsa.

"Onse, Amayi."

"Nanga utsi utulukira kuti?"

"Mulibe moto mmenemuja. Mukudziwa kumbuyo kwa fuliji mmene kumafundira? Iyi ndi fuliji yotembenuza. Imatola kutentha panja n'kukulowetsa m'kati."

"Panja pali kutentha kwanji lero?"

"Kulipo pang'ono. Monga muja mumakunkhira m'munda wokolola kale. Apa kachitsononkho, apo kena, mpaka dengu ladzaza."

"Ba professor ayamba," anatero Mulubwa. "Mwana azizila, imwe muli mu munda."

Phineas anatuluka kukayatsa, mayi ake namutsatira. Galimoto inayamba kung'ung'udza chapansipansi ngati njuchi za m'phanga. A Imelda anaima kutsogolo kwake, ndipo pansi pake panatuluka kamphepo kamene kanawanyambita m'misongolo. Kanali kozizira kuposa mphepo ya madzulowo.

"Ndi mpweya umene yaulanda kutentha uja," anatero Phineas. "Ukubwerera wopanda kanthu."

A Imelda anabwerera m'mbuyo. Kuzizira kumeneko ankakudziwa. Anakukhudzapo kamodzi ndi chikhato, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo sikunachokemo m'dzanjamo.

Anazungulira kuseri kwa khitchini. Kumeneko kunali thadzi lofiira lomangidwa mwendo, limene anabwera nalo pabasi kuti wochira amwe msuzi. Analimasula, nabwera nalo kukhwapa.

"Tsegula. Liyambe ili."

"Amayi, pamipando iyi pamakhala makasitomala!"

"Tsegula, Phineas."

Phineas anayang'ana nkhope ya mayi ake, ndipo sanatsutsenso. Anati ngakhale zili choncho galimoto imafuna mphindi zingapo kuti ifunde. Thadzi linaikidwa pampando wakutsogolo, chitseko n'kutsekedwa. A Imelda anatsamira pagalasi, manja atatchinga m'mbali mwa maso.

Thadzi linasuzumira uku ndi uku. Linajompha lamba wapampando. Kenaka linafutukula nthenga, n'kukhala pansi, maso n'kuyamba kutsinzina. A Imelda anamenya galasi ndi chikhato. Thadzi linadzambatuka, linawayang'ana ndi diso limodzi mokwiya, n'kusiya chitosi pampando.

"Mwaona?" anatero Phineas. "Lili bwino kuposa ine."

Mphindi makumi awiri zitatha, Mulubwa anatuluka atafunda bulangeti, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bala la opaleshoni. Analowa kumbuyo. A Imelda analowa naye, nanena kuti thadzi likhale pomwepo pamene angalione. Phineas anatseka zitseko napita kukasaka makandulo.

M'katimo munali mofunda bwino, kufunda kopanda fungo. Mafupa a a Imelda anayamba kumasuka okha, ndipo chimenecho n'chimene chinawaopsa. Tsiku lijanso munali mokoma chonchi. Kunja kunayamba kuchita chisisira, mpanda ndi mtengo wa mapeyala zikuzimirira. Chala chawo chinali pa kabatani kotsitsira galasi. Ankadziwa kuti akangodina, kufunda konse kumene makinawo akunkha kuthawa, mwana n'kubwerera kuchipatala. Komabe chala sichinachokepo.

Mulubwa anayamba kuwodzera, kenaka mutu unagwera pambali.

"Apongozi! Apongozi, musagone!" Anamugwedeza paphewa mwamphamvu.

"Ba Mayo, mwanipweteka! Nalema chabe. Masiku atatu sininagone."

Mwana anadzidzimuka, nalira kamawu kake konga ka mwanamphaka, n'kukhalanso chete. A Imelda anabweza dzanja. Anayang'ana thadzi, limene linkadzikonza nthenga.

"Phineas anakuuzani kuti anali ndi mkulu wake?"

"Dingani. Anati anafa na malungo ali kamwana."

"Si malungo." A Imelda anapukusa mutu. "Unali mwezi ngati uno. Bambo ake anali kumaesiteti. Mwana anali ndi chifuwa, ndiye ndinati ndimufunditse. Ndinalowetsa mbaula. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi chiguduli, pazenera ndinatsindira nsanza. Ndinkati ndine mayi wosamala. Munafunda, apongozi, munakoma. Ndinagona tulo timene sindinagonenso mpaka lero."

Makina ankangong'ung'udza.

"Ndinadzuka mutu ukung'amba, miyendo yosagwira. Pakona panali thadzi limene linkafungatira mazira. Ndinaliona lili khosi lende. Ndinayamba kudandaula thadzilo. Tamvani, ndinadandaula nkhuku, ndisanatembenuke kuona mwana ali pambali panga." Anatambasula chikhato nachiyang'ana. "Nditamugwira pamphumi anali ngati kamphepo kali pansi pa galimotoyi. Anthu ndinawauza kuti ndi malungo. Bambo ake anapita kumanda akudziwa malungo."

Kutsogolo, pagalasi lalikulu, nkhope zawo zinkaoneka mwa chizimezime, ndipo a Imelda sanafune kuwerenga kuti zilipo zingati.

Mulubwa anatulutsa dzanja m'bulangeti. Anagwira dzanja lija linali pa kabatani, nalikoka pang'onopang'ono, nalilowetsa m'kati mwa juzi mpaka linakhala pamsana pa Lukonde. Kamsanako kankakwana m'chikhato. Kankakwera, kutsika, kukwera, mofulumira ngati ka mbalame.

"Gwilani apa, ba Mayo. Imwe mulonde. Ine nigoneko."

Ndipo anagonadi, kukamwa kuli yasa. A Imelda anakhala tsonga, diso lina pa thadzi, dzanja pa mwana, akuwerenga mpweya. Akafika makumi asanu ankayambiranso. Kawiri konse dzanja lina linanyamuka lokha kulunjika kugalasi, ndipo kawiri konse analibweza pamwendo. Pang'ono ndi pang'ono chikhato chija chinayamba kufunda.

Phineas anagogoda pagalasi itangokwana eyiti koloko, babu la pakhonde litayaka kumbuyo kwake. Mulubwa anadzuka, nayeza mwana.

"36.7," anatero, namuonetsa mwamuna wake kudzera pagalasi.

"Nanga Amayi akulira chiyani?" anafunsa Phineas atatsegula.

"Ni hita," anatero Mulubwa. "Iumitsa maso. Tengani nkhuku yanu."

Kutacha magetsi anali atapitanso. Phineas anapukuta mpando ndi nsanza yonyowa akung'ung'udza, nati batire yatsala yongomufikitsa kutauni kokatchaja. Zenera la chipinda cha a Imelda linali lotsegula, monga mmene linkakhalira Juni aliyense. Iwo anali panja, akukoleza mbaula pakati pa bwalo kuti atenthetse madzi osamba a wochira.

Asananyamuke, Phineas anasuzumira kuseri kwa khitchini.

"Amayi, thadzi lija ndikupheretu? Mpeni uli apa."

A Imelda anakupiza makala ndi chivundikiro cha poto.

"Pobwera udzere ku City Market, ugule tinsomba ta kapenta," anatero.

Kenaka anatapa gaga m'thumba, napita kukaliwazira.