Zidina za Abusa Gunn

"Mwaunjika zili zonyowa, a Pulofesa. Sizidzauma zimenezi."

"Ndaunjika mmene ankaunjikira bambo anga."

"Bodza. Bambo anu ankaziimika zitatuzitatu kuti mphepo izidutsa pakati. Inu nthawi imeneyo munali m'nyumba, mphuno ili m'buku."

Lachlan Gunn anayang'ana mulu wake wa zidina za dothi lakuda, zimene anthu a pachilumbapo amasonkhera moto poti mitengo kulibe. Madzi anali chuu kutsika m'mbali mwake. Amene ankamunyogodolayo anali Ishbel MacAskill, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana ndi bwinja la makolo a Lachlan. Tsitsi la mayiyo linali litachita mbuu, koma pakamwa panali pomwe paja.

Kalekale Lachlan ankamuperekeza pochokera ku tchalitchi, akuyenda pang'onopang'ono dala. Kenaka anapita kumtunda kukaphunzira zaubusa, nalonjeza kubwera. Mpingo unamuitana, pambuyo pake koleji ya ku Aberdeen inamuitananso kukaphunzitsa zaumulungu, ndipo iye ankangovomera. Anasula abusa ambirimbiri. Koma madzulo akatuluka m'kalasi ankakwera masitepe kupita m'chipinda cha mpando umodzi ndi kapu imodzi, n'kumamwa tiyi akumvera mvula padenga. Atapuma pantchito anamupatsa wotchi yapakhoma, anawomba m'manja, basi aliyense kwawo.

Tsopano anali atabwera, akuti kudzangoona manda a makolo.

Ishbel anagwada n'kuyamba kuphwasula muluwo. Manja ake anali ofiira ndi mphepo.

"Ndikufunseni, abusa. Zidina zodula mu Meyi zimayaka mu Disembala. Sitima yanu ikunyamuka Lolemba. Mukudulira yani, nkhosa?"

"Munthu akagwira ntchito ya manja, mzimu wake..."

"Ulaliki ayi. Lero si Sabata."

Mbalame ina inalira kutali m'dambomo, inzake osaiyankha. Lachlan, amene ankayankha mafunso onse a ophunzira asanamalize n'kufunsa komwe, anangogwada pambali pa Ishbel. Anatola zidina zitatu, naziimika mogundanitsa mitu. Zinagwa. Anaziimikanso, Ishbel n'kugwiriziza chimodzi ndi chala, osamuyang'ana.

"Sindikufuna kukwera sitima ija," anatero Lachlan motsitsa mawu. "Ndikufuna ndidzaothe moto wa zidina zimenezi. Koma osati ndekha, Ishbel. Ndatopa nako kumwa tiyi ndekha."