Sikirini ya Kumanja ya Achimwene

Kawaya anali atangovula nsapato kuti apume pamene foni inalira. Anali achimwene ake, amene amajambula mapulani a nyumba pa kompyuta kunyumba kwawo konko.

"Iwe, bwera msanga. Chimakina chija chazimanso, lero lokha kanayi, pomwe eni pulani akuifuna mawa."

Dzina loti Kawaya anampatsa ndi achimwene omwewo ali kamtsikana kokonda kumasula mawailesi. Tsopano kukonza makompyuta ndiyo inali ntchito yake, ndipo abale onse ankamuyesa chipatala chawo.

Anawapeza atagwira m'chiuno m'kachipinda kawo kogwirira ntchito, akuyang'ana masikirini awo atatu. Akazi awo anaima pakhomo, akupukuta mbale imene inali itauma kalekale.

"Imayamba ndi ya kumanjayi," anatero achimwene. "Imaphethira kawiri, kenako zonse mdima bii. Ndi magetsi amenewa."

"Magetsi ndithu," alamu anavomereza mofulumira kwambiri.

Kawaya anasintha zingwe, vuto osachoka. Atazula sikirini ya kumanja, kompyuta inayenda ngati mwana wokhuta. Atalumikiza ina pamalo pake, sipanathe mphindi zisanu, bii! Apa anadziwa kuti matenda sali m'zingwe kapena m'sikirini. Anatsegula pamene kompyuta imalemba zimene zachitika isanazime, ndipo mayina a mapulogalamu awiri ankangobwerabwera.

Yoyamba inali yobisa: ukadina batani limodzi, zonse za pa sikirini ya kumanja zimasowa, n'kubwera pulani ya nyumba; ukadinanso, zimabwerera. Yachiwiri inali yakazitape: mphindi zisanu zilizonse inkajambula masikirini onse mwakachetechete. Ikati ijambule, inzakeyo inkakaniza, ndiye zinkalimbirana sikiriniyo ngati agalu awiri pa fupa mpaka kompyuta kukomoka.

Kawaya analuma mlomo kuti asaseke.

"Achimwene, kandipezereni kabulashi kochotsera fumbi."

Atangotuluka, alamu anafika pakhutu pake.

"Alamu, mukapezamo kanthu kojambulajambula, chonde pakamwa potseka. Achimwene anuwa masiku ano ndikangolowa muno amadzidzimuka, chala pa batani. Ndikufuna ndimuone mkazi amene akumubisayo."

"Ndiye mwamuona?"

"Ndimuona bwanji chikumangozima?"

Achimwene atabwera ndi bulashi, Kawaya anapempha madzi akumwa, alamu n'kupita. Achimwene anatseka chitseko ndi chidendene.

"Pali kenakake ndinaikamo. Ndi za ntchito, usakagwire, komanso alamu akowa asamve."

"Za ntchito eti?"

Kawaya anadina batani lija maso ali pa iwo. Pa sikirini panatulukira dokotala wokongola atagwada pamvula, akulirira mkazi wa mwini. Linali sewero lachikondi la pa TV limene alamu ankaonera tsiku lililonse, lomwe achimwene ankalitcha zamisozi, n'kumatuluka pabalaza akutsonya likangoyamba. Achimwene ankalionera pa intaneti, ndipo pakona panalembedwa kuti gawo 64.

"Ndimangofuna kuona mamangidwe a nyumba zawo," ananong'oneza achimwene, thukuta lili kamukamu.

Kawaya anachotsa mapulogalamu onse awiri, n'kuyatsanso kompyuta. Alamu atabwera ndi madzi, anamwa pang'onopang'ono, awiriwo akumuyang'ana ngati oimbidwa mlandu.

"Munalowa tizinthu tiwiri tosamwerana madzi," anatero. "Mmene tinalowera sindikudziwa, koma ndatichotsa."

Onse anapumira m'mwamba.

"Chatsala n'kuyesa basi. Sikirini ya kumanjayi iyenera kuonetsa kanema kwa ola lathunthu osaima, anthu awiri akuyang'anira. Ikaphethira mundiimbire. Ndingoika aliyense amene ndamupeza pafupi."

"Iwe Kawaya!" anakuwa achimwene.

Koma anali atadina kale. Dokotala uja anabweranso ndi mvula yake. Alamu anaika mbale patebulo n'kuyandikira.

"Dokotalayu si anamwalira pa ngozi? Ine ndili pa gawo 58, dzulo lomweli amuika m'manda."

"Sanafe ayi, m'bokosi muja munali mng'ono wake," achimwene analankhula asanaganize, kenako n'kugwira pakamwa.

Alamu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndiye mkazi wake ndi ameneyu? Milungu itatu ine osadya bwino chifukwa cha dokotala?"

"Mkazi wake uti?" anafunsa achimwene.

"Zisiyeni zimenezo. Tasunthani, mubwezere pa 59, ndipo mukangondiuzanso za kutsogolo muona."

Kawaya anatola chikwama chake. Akudutsa pawindo, anamva achimwene akuumirira kuti gawo 60 angolidumpha chifukwa namwino wa m'seweromo amangolira mpaka kumapeto, alamu akuwauza kuti akhale chete.