Mwana Wotchedwa Munanama

Kalebe, mkamwini wa ku Msakambewa, akaseka ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Kuseka kumeneko kunatha tsiku limene mwana wake woyamba anabadwa wakufa.

Mkazi wake Mirriam anavutika nthawi yaitali pobereka. Azakhali ake a Mirriam, a Margareta, sanadikire n'komwe kuti adokotala alankhule. Anaimirira pakhonde la chipatala, pamaso pa amayi onse odikirira odwala, n'kumuloza chala Kalebe. Akuti anayenda ndi akazi ena mkazi wake ali woyembekezera, ndiye mapinga apha mwana. Anamuuza kuti awatchule akaziwo. Kalebe analibe woti atchule. Amayi anakakwirira okha kamtembo kudambo, iye n'kutsala pamwala, wopanda womupepesa.

Pathupi pachiwiri panamudya mwamunayo ngati chiswe. Anasiya kukagulitsa mbatatesi ku Dzoole, kuopa kuti mkazi wina angamupatse moni anthu n'kuona. Akaona chitenje kutsogolo ankapatuka n'kudzera m'chimanga. Mtima unkagunda ngati chigayo cha dizilo, chakudya osatsika. Anzake osewera nawo bawo ankati mwamuna sadwala maganizo, angomwa kachasu. Mirriam akamufunsa, ankangoti ndi mutu.

Chimene chinkamulimbitsa chinali dzina. Wotcha mwanayu anali iyeyo, ndipo dzinalo analinola miyezi yonseyo ngati chikwanje.

Mwana anabadwa wamkazi, wonenepa, kulira kwake koti a ku Mvera n'kumva. Tsiku lotuluka m'chikuta pabwalo panadzaza amayi. Mirriam, amene ankalidziwa dzinalo, anamuitanira mwamuna wake pakhomo.

"Bambo a mwana, azakhali adzalimva kangati dzinali? Ine ndidzaliitana m'mawa uliwonse. Mwanayu adzapita nalo kusukulu."

Kalebe anayang'ana kankhope kaja. Anali asanamunyamulepo mwanayo, chifukwa cha mantha. Anatsala pang'ono kugonja. Koma panja a Margareta anali kuseka, akuuza anzawo kuti ulendo uno mkamwini wadzisunga, n'chifukwa chake mwana wabadwa bwinobwino.

Kalebe anatuluka, maso ali pa a Margareta.

"Mwanayu ndi Munanama."

Kenako a Margareta anadzambatuka, analanda mwana m'manja mwa Mirriam, nthungululu ili pakamwa. Anavina naye akuimba Munanama wanga, Munanama wanga, n'kufunsa amayiwo kuti kodi wonamayo ndani, poti m'mudzi muno abodza ndi osawerengeka. Amayi anafa nalo phwete. Dzina linalowa m'mudzi likuvinidwa.

Kalebe anaima pomwepo, kudikira kuti mwala umene unali pachifuwa pake uchoke. Sunasunthe.

Anthu atabalalika, anapeza Mirriam atakhala pamkeka akuyamwitsa. Anagwada pafupi n'kutambasula manja kuti alandire mwana. Mirriam sanamupatse.

"Muitaneni kaye ndi dzina lake," anatero.

Kalebe anatsegula pakamwa. Mwana anasiya kuyamwa n'kutembenukira kwa iye, mkaka uli pachibwano. Dzinalo linakanirira pakhosi.