Onse Anakhoza, Koma Analemba Angati?

"Ndimulembetse kuti mwanayu?"

Anafunsa motero Maness. M'chipinda cha ku Al Mansoura, mumzinda wa Doha, munali mabedi anayi, koma wodziwa Chichewa anali Maness yekha. Mnzake wa ku Nepal anali atatseka makutu ndi timawaya ta foni. Enawo anali ku shifiti.

Linali Lachisanu, tsiku lopuma ku hotela komwe Maness amayala mabedi. Pafoni pake panali zithunzi ziwiri zochokera kwa mwana wake Upile ku Liwonde. Upile anasiyira Fomu 3 atatenga pathupi. Tsopano khanda linali litayamba kuyenda, ndipo iye ankafuna kubwerera kusukulu.

"Ndiyesa kamodzi kokha, amayi," unatero uthenga wake. "Ndikalephera MSCE mundipezere ajenti, ndibwere konko ndidzagwire ntchito ya m'nyumba."

Maness anaigwirapo ntchito imeneyo zaka ziwiri. Sankafuna kuti mwana wake aidziwe.

Chithunzi choyamba chinali chikwangwani cha sukulu ya pulayiveti, chonyezimira ndi penti: ONSE ANAKHOZA, 100%. Chachiwiri chinali pepala lomatidwa pachitseko cha sukulu ya masana, yolandira amene anasiyira panjira. Pamenepo analemba 58%.

Masana Maness anapita kukantini komwe a Wickson amamwera tiyi. A Wickson anali mlonda ku Rawdat Al Khail, koma kumudzi anaphunzitsa masamu zaka khumi.

"Aphunzitsi, ndasankha kale. Iyi ya handiredi. Khalas, yatha."

"Handiredi ya anthu angati, amake Upile?"

"Si alemba apa? Onse."

"Ngakhale pageti panga sipanalowepo wakuba," anatero a Wickson. "Handiredi peresenti. Kungoti ndi geti lakumbuyo, pamadutsa a zinyalala okha."

Maness anaseka, koyamba sabata imeneyo.

"Upile apite konse kuwiri akafunse," anapitiriza a Wickson. "Analowa Fomu 4 angati? Analemba mayeso m'dzina la sukuluyo angati? Nanga amene ali ndi ana, ngati iyeyo, alipo angati?"

"Sakamuyesa wamwano?"

"Kufunsa si mwano. Sukulu yabwino siibisa manambala ake."

Upile anapita, khanda lili kumbuyo. Lachiwiri anatumiza uthenga, ndipo Maness anaumvera ataimirira pakati pa matawulo m'chipinda chosungiramo nsalu.

"Amayi, ku pulayiveti kuja Fomu 4 analowa 70, koma amene analemba m'dzina la sukulu ndi 19 okha. Enawo ataona kuti ndi ofooka, anawauza akalembetse kwina ngati ma external. Nditafunsa za amene ali ndi ana, a mu ofesi anangoyang'ana khandali n'kunena kuti, 'Tiona.'"

Ku sukulu ya masana mphunzitsi wamkulu anamutsegulira kaundula. Analowa 53, analemba 50, anakhoza 29. Mwa iwo amayi a ana analipo 17, ndipo 11 anakhoza. Maphunziro amayamba 2 koloko, nthawi imene azakhali ake amakhala atabwerako kumsika ndipo atha kulera khanda.

Maness anamulembetsa kumeneko.

Panapita zaka ziwiri. Mnzake wa ku Nepal uja anabwerera kwawo, pabedi pake panabwera wina. A Wickson nawo kontirakiti yawo inatha. Tsiku limene zotsatira zinatuluka, Maness anali yekha m'chipinda.

"Amayi, ndakhoza! Mapointi 24!"

Maness anayang'ana mabedi atatu opanda anthu, akusowa womuuza. Kenako anakhala pansi n'kujambula uthenga wopita kugulu la Amalawi a ku Doha.

"Abale, mwana wanga wakhoza. Inu amene mukusankhira ana sukulu muli kuno, musakhulupirire chikwangwani. Funsani kuti analowa angati, analemba angati, anakhoza angati, ndiponso ngati amalandira ana onga wanuyo. Mwana amene anasiyira panjira atha kubwerera n'kukhoza."

Atatumiza, anamuimbiranso Upile.

"Mabuku ako aja a Fomu 3 ali kuti?"

"Ndimafuna ndipatse mnzanga."

"Usapatse munthu. Uwaike m'sutikesi yanga yofiira ija."

"Awagwiritsa ntchito ndani, amayi?"

"Kontirakiti ikutha mu Ogasiti," anatero Maness. "Sindisayinanso. Nane ndikubwerera kusukulu."